M'mera Mpoyamba: Mbiri ya Ana ndi Mabuku M'dera la Ntaja

Mayi wodziwa kulera akamaletsa mwana kuyamwa samuyambitsa ndi nsima yolimba. Amayamba ndi phala lamadzimadzi, kenaka nsima yofewa yonyika mumsuzi, ndipo pang'onopang'ono amamulawitsa ndiwo zosiyanasiyana: lero thelere, mawa nandolo, mkuja matemba a ku Chilwa. Zina mwana amalavula, zina amatambasulira dzanja kuti amuwonjezere, ndipo mayi amadziwira pomwepo zimene mwana wake amakonda. Kuwerenga kumayendanso chimodzimodzi. Mwana amene wapatsidwa buku limodzi lokha sangadziwe ngati amakonda kuwerenga kapena ayi, pakuti chimene iye akudziwa ndi buku limodzilo basi.

Mbiri ya dera la Ntaja, m'boma la Machinga, ili ndi phunziro pa nkhani imeneyi. Kwa zaka zoposa zana limodzi ana a m'derali akhala akuphunzitsidwa malembo, ena ku madrasa, ena ku sukulu za mishoni, ena ku sukulu za boma. Koma pafupifupi m'nyengo zonsezi mwana amaikiridwa m'manja buku limodzi loti aloweze. Chodabwitsa n'chakuti agogo amene sadadziwe ngakhale chilembo chimodzi ankadyetsa adzukulu awo nkhani zamitundumitundu kuposa sukulu.

Bwalo la madzulo

Dera lozungulira Ntaja, pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa, ndi kokumanira mitundu. Anyanja adali kale m'mbali mwa nyanjazi. Ayao a chigawo cha Amachinga, amene dzina lawo lidasanduka dzina la bomali, adafika cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, motsogozedwa ndi mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Nyambi. Alomwe adatsatira pambuyo pake. Mitundu yonseyi idali ndi mwambo umodzi wofanana: dzuwa likalowa, anthu atadya, ana ankasonkhana kwa agogo kukamva nkhani.

Bwalo limenelo lidali ndi dongosolo lake. Kawirikawiri linkatsegulidwa ndi zilape, zimene ena amazitcha ndagi ndipo Ayao amati ndawi. Wina ankati "Chilape!" anzake n'kuyankha "Nachize!" Zilapezo zinkadzutsa ubongo ndi kupatsa mpata ngakhale mwana wamng'ono kuti aponye chake. Kenaka inkabwera nthano. Agogo akati "Padangokhala," ana onse ankavomera "Tili tonse," ndipo kuvomerako kunkapitirira mpaka nthano itatha, kotero kuti wogona tulo ankadziwika msanga. Nthanozo sizidali za mtundu umodzi. Padali zoseketsa za Kalulu ndi Fisi, zoopsa za zilombo zomeza anthu, zomvetsa chisoni za mwana wamasiye, ndi zofotokoza chiyambi cha zinthu, monga chifukwa chimene nyama yakutiyakuti imaonekera momwe imaonekeramo. Zambiri zidali ndi nyimbo m'katikati. Ana okulirapo ankamvanso miyambi pa milandu ya pabwalo la mfumu, mbiri ya mafuko pamaliro, ndi nkhani za maulendo a amalonda amene ankapita kunyanja ya mchere.

Agogo anzeru ankayang'ana nkhope za ana. Ankadziwa mdzukulu amene maso ake amawala pa nthano yoopsa, ndi mnzake amene amabisala kumbuyo kwa chitenje. Ankadziwa wokonda kuimba ndi wokonda kumasula zilape. Mwana akapempha nthano yomwe ija kachisanu sankamukaniza, koma mawa lake ankamuonjezera ina yatsopano yofanana nayo. Palibe amene ankafunsidwa mayeso, komabe ana ankakumbukira nthanozo mpaka ukalamba wawo.

Ubao ndi sileti

Malembo adalowa m'derali kudzera m'njira ziwiri. Yoyamba idachokera kum'mawa, pamodzi ndi malonda a ku Kilwa ndi Zanzibar. Kuyambira cha m'ma 1870 mafumu a Chiyao adayamba kulowa Chisilamu, ndipo ena adali ndi alembi olemba makalata m'Chiswahili pogwiritsa ntchito zilembo za Chiarabu. Asilikali a atsamunda atagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, Chisilamu chidafalikira kwambiri m'midzi. Mashehe otchuka monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje adaphunzitsa amwalimu ambiri amene adamwazikana m'madera a Ayao. Mwana wa ku madrasa ankayamba ndi alifu, be, te, n'kumalemba ndime za Qur'an pa thabwa losalala lotchedwa ubao. Akaloweza ndimeyo ankatsuka thabwalo n'kulembapo ina.

Njira yachiwiri idachokera kummwera. Amishoni a Church of Scotland, amene adakhazikitsa Blantyre mu 1876, adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Iyeyu adaphunzira Chiyao, nasindikiza buku la malamulo a chiyankhulochi mu 1889 ndi kumasulira mbali zina za Chipangano Chatsopano. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, natsegula mishoni ya Utale, m'dera la Balaka, mu 1908. Mwana wa sukulu ya mishoni ankalemba pansi ndi chala, kenaka pa sileti, ndipo mabuku ake adali kabuku ka a, e, i, o, u, katekisimu, buku la nyimbo ndi Uthenga Wabwino. Baibulo lonse la m'Chinyanja, Buku Lopatulika, lidatuluka mu 1922.

Njira ziwirizi zidapatsa anthu chuma chachikulu. Zidaphunzitsa ana kulemekeza cholembedwa, kusunga buku pamalo aukhondo, ndi kuloweza ndime zazitali mosaphonya. Komabe zonse ziwiri zidali ndi cholinga chimodzi: kufikitsa mwana ku buku loyera la chipembedzo chake. Kuwerenga kongofuna kusangalala kapena kudziwa za dziko sikudali ntchito yawo yeniyeni. Kuonjezera apo, popeza sukulu zambiri zidali m'manja mwa mipingo, makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kutumizako ana awo, poganiza kuti akabatizidwa, akasinthidwa maina, kapena akadyetsedwa zakudya zoletsedwa. Mantha amenewa adali ndi maziko ake, koma zotsatira zake zidali zowawa: madera a Machinga ndi Mangochi adatsalira pa maphunziro a sukulu kwa mibadwo ingapo. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi ya maphunziro mochedwa, mu 1926, ndipo sukulu yake yosula aphunzitsi ya Jeanes idatsegulidwa ku Domasi mu 1929.

Mabuku a eni dziko

M'nyengo yomweyo eni dziko adayamba kulemba okha. Mdzukulu aliyense wa ku Ntaja ayenera kudziwa dzina la Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, Myao, amene adalemba mbiri ya mtundu wake m'Chiyao. Bukulo, Chiikala cha Wayao, lidasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa m'Chingerezi kwa Meredith Sanderson. Limasimba za chiyambi cha Ayao, mafumu awo ndi maulendo awo a malonda, nkhani zomwe zija ana ankamva kwa agogo aamuna. Lero limadziwika kwambiri ndi anthu ofufuza mbiri kuposa zidzukulu za eni nkhaniyo.

M'Chinyanja mudatuluka mabuku ochulukirapo, ndipo ubwino wake udali wakuti adali a mitundu yosiyana. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo, nkhani yotsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ndipo idapata mphoto pa mpikisano wa olemba a mu Africa mu 1933. Iye yemweyo adalembanso Mbiri ya Achewa. Stevenson Kumakanga adasonkhanitsa miyambi mu Nzeru za Kale. E. W. Chafulumira adalemba Mbiri ya Amang'anja ndi timabuku tina ta makhalidwe a pabanja ndi pamudzi. E. J. Chadza adatulutsa ndakatulo mu Ntchito ya Pakamwa. John Gwengwe adafotokoza kaleredwe ka ana mu Kukula ndi Mwambo, natenganso nthano yakale n'kuisandutsa buku la Sikusinja ndi Gwenembe. Pambuyo pake kudabwera nkhani zopeka za Willie Zingani, monga Njala Bwana, za Jolly Max Ntaba, monga Ikakuona Litsiro Sikata, ndi sewero la Steve Chimombo lotchedwa Wachiona Ndani? Magazini ya Moni, imene idayamba mu 1964 ku Limbe, ndi nyuzipepala ya Boma Lathu zinkafika kumidzi n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka kuthetheka.

Apa ndiwo zidalipo zokwanira: mbiri, miyambi, ndakatulo, nthano, nkhani zopeka ndi masewero. Vuto lidali pa kagawidwe. Ambiri mwa mabukuwa sadalembedwere ana aang'ono, ndipo wophunzira ankakumana nawo atakula, ngati mabuku a mayeso a sekondale. Buku lowerengedwa ndi mantha a mayeso limakoma mosiyana ndi buku lowerengedwa pansi pa mtengo wa mango. Komanso amene ankafika ku sekondale adali owerengeka.

Chaka cha 1968

Zinthu zitatu zidachitika mu 1968 zimene zidakhudza mwana wowerenga. Choyamba, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Kuyambira pamenepo ziyankhulo zina zidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mwana wa ku Ntaja amene kwawo ankayankhula Chiyao ankafika mu Sitandade 1 n'kupeza kuti ayenera kulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: zilembo zachilendo ndi chiyankhulo chimene sadayamwe. Chachiwiri, bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lidayamba ntchito yake yobwereketsa mabuku. Chachitatu, padakhazikitsidwa lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, ndipo olemba adayamba kulemba mocheukacheuka.

Amene adaphunzira m'zaka zotsatirazo amakumbukira buku la Chichewa la Sitandade 1 lotchedwa Sosa, ndi mabuku a Chingerezi a Timve ndi Tsala. Dzina lakuti Sosa lidasankhidwa mwanzeru, pakuti kusosa ndiyo ntchito yoyamba ya m'munda. Njira yake yophatikiza zilembo kukhala maphatikizo, ndi maphatikizo kukhala mawu, idathandiza ana ambiri kuwerenga Chichewa msanga. Koma mlimi sasosa kuti munda ungooneka bwino. Amasosa kuti abzale, ndipo amabzala mbewu zosiyanasiyana: chimanga, nandolo, maungu, khobwe. M'sukulu zambiri za kumidzi munda unkasosedwa bwino, koma mbewu yobzala inkasowa. Mwana akamaliza buku la kalasi lake padalibe lina loti atsegule, ndipo bukulo nalo linkatsekeredwa m'kabati ya aphunzitsi aakulu belu lowerukira likalira.

Zitseko zitseguka

Mu 1994 Bakili Muluzi, mwana wa m'mudzi wa Kapoloma kufupi ndi Ntaja, adakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo boma lake lidathetsa fizi ya ku pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira m'dziko lonse chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kwa mabanja a ku Machinga amene makolo awo sadaponde m'kalasi, ichi chidali chinthu chachikulu. Koma makalasi, aphunzitsi ndi mabuku sizidachuluke molingana ndi ana. Aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asadasulidwe, ana adaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo buku limodzi linkazunguliridwa ndi mitu ingapo, ena n'kumaliona chadodolido.

Mu 1996 unduna wa maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo chaka chomwecho wailesi ya MBC idayamba kuulutsa nkhani m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina. Lamulo la m'sukululo silidapite patali chifukwa mabuku a m'ziyankhulozo sadakonzedwe. Pambuyo pake lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. M'zaka zomwezo Balaka, imene idapatulidwa ku Machinga kukhala boma palokha mu 1998, idasanduka malo osindikizira zowerenga kudzera ku Montfort Media, eni magazini a The Lamp ndi Together komanso nyuzipepala ya Mkwaso. National Library Service nayo idasindikiza timabuku ta ana pansi pa dzina lakuti Werengani.

Kafukufuku wa m'dziko lonse wa 2010 adaulula chilonda chimene aphunzitsi ankachidziwa kale: ana oposa 70 mwa 100 alionse a Sitandade 2 sadathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani ka Chichewa. Izi zidadzutsa boma ndi abwenzi ake. Kuyambira 2013 mpaka 2016 ntchito yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, yothandizidwa ndi boma la America, idachitika m'maboma angapo kuphatikizapo Machinga ndi Balaka. Aphunzitsi adaphunzitsidwa njira zatsopano, timabuku ta nkhani tidagawidwa, ndipo m'midzi mudakhazikitsidwa malo amene ana ankasonkhana masana kuti awerenge mothandizidwa ndi anthu odzipereka. Mu 2016 ntchitoyi idafalikira m'dziko lonse pansi pa dzina la National Reading Programme. Poyang'anitsitsa, malo owerengera a m'midziwo adali bwalo la agogo lija litabwerera m'maonekedwe ena.

Mwana akasankha yekha

Umboni wa zimene zimachitika mwana akapatsidwa mpata wosankha udachokera ku Kasungu. William Kamkwamba adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'malo mongokhala, adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko adakopeka ndi mabuku a sayansi, makamaka lina lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chake chidali chochepa, choncho ankatsata zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu. Ali ndi zaka 14 adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Palibe mphunzitsi amene adamuuza kuti awerenge bukulo, ndipo silidali pa mndandanda wa mayeso. Lidangokhala pa shelefu pamene dzanja la mwana likadatha kulifikira.

Zimene mwambo ukuphunzitsa

Mbiri yonseyi ikuloza ku chinthu chimodzi: kuphunzitsa mwana malembo ndi ntchito ina, kumukondetsa kuwerenga ndi ntchito inanso. Yoyamba ndi ya mphunzitsi, koma yachiwiri singatheke popanda a pakhomo, ndipo njira zake ndi zomwe zija za pabwalo la madzulo.

Khutu limatsogola, diso limatsatira. Mwana amene sadayambe sukulu angathe kuwerengeredwa mokweza ndi mkulu wake kapena msuweni wake, ndipo wowerengayo aime pena ndi pena kuti wamng'onoyo avomere, afunse kapena alote zimene zichitike kutsogolo, monga momwe "Tili tonse" ankagwirira ntchito. Ngati buku lili m'Chichewa kapena m'Chingerezi pamene mwana amamva bwino Chiyao kapena Chilomwe, palibe cholakwa kumufotokozera nkhaniyo m'chiyankhulo cha pakhomo. Agogo osadziwa kuwerenga asadzione ngati opanda gawo: angathe kutenga buku la zithunzi n'kumafunsa mdzukulu zimene akuona, kapena kusimba nthano yawo kuti mdzukulu wa Sitandade 4 ailembe m'kope, likhale buku loyamba la banjalo.

Kenaka pamafunika kusinthasintha. Sabata ino nthano, sabata yamawa ndakatulo, kenaka kabuku ka nyama, ka mbiri kapena ka zopangapanga. Chidwi cha mwana chimayambira pa zimene amaziona. Amene amathamangira kukaona sitima ya pa njanji yopita ku Nayuchi angakonde buku la makina. Amene adamvapo za njovu za ku Liwonde angakonde la zinyama. Amene agogo ake adamuuza za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1968 ndi mu 1995 angafune kudziwa kumene mvula imachokera. Pamene mabuku ndi osowa, nyuzipepala yakale, kalendala, buku la nyimbo, kapepala ka alangizi a zaulimi, ngakhale nkhani yabwino ya pa foni, zonsezi ndi zowerenga.

Mwana aloledwenso kukana. Akasiya buku pakati asakalipiridwe ngati waulesi, chifukwa mwina nthawi ya bukulo siidakwane. Libwezedwe pa shelefu, adzalipeza chaka chamawa. Akakakamira buku limodzi n'kumalibwereza asalandidwe, koma pambali pake paikidwe lina lofanana nalo pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe ufulu wosankha sutanthauza kuti akulu atseke maso. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: chikuto chokongola sichitsimikiza kuti zam'kati n'zoyenera msinkhu wa mwana, ndipo izi n'zoona makamaka pa zowerenga za pa intaneti. Mkulu ayambe walawa yekha, monga mayi amalawira phala asadamwetse khanda.

Chotsiriza ndi kugawana. Mabanja ochepa ndiwo angathe kugula mabuku khumi, koma mabanja khumi okhala ndi buku limodzilimodzi akabwerekana, mwana aliyense wawerenga mabuku khumi. Mzikiti, tchalitchi ndi komiti ya sukulu zili kale ndi denga, kabati ndi anthu okhulupirika osunga makiyi. Mutu umodzi susenza denga.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ana a ku Ntaja a lero ali ndi mwayi umene agogo awo sadauone: sukulu ya pulayimale yopanda fizi, madrasa ndi sukulu zoyendera limodzi popanda mantha akale aja, ndi mabuku olembedwa ndi Amalawi anzawo. Chotsala n'chakuti mabukuwo atuluke m'makabati, afike m'manja mwa ana akadali aang'ono, ndipo akhale a mitundu yambiri monga zidalili nkhani za pabwalo la madzulo.